Chamba, bwenzi ndi takhuta: mafunso ochokera ku chigwa cha Shire

Mafunso ambiri a ulendo uno achokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo onse akukhudza wailesi zimene zimamveka pa intaneti, zija mnyamata amatha kuulutsa ali m'chipinda chake ku Nchalo, foni ndi kompyuta zili pa tebulo, koma mawu ake n'kumakafika kwa mlongo wake ku Johannesburg ndi kwa amalume ake ku Beira. Wailesi zoterezi zimasonkhanitsa anthu amene sanaonanepo maso ndi maso, ndipo anthu akasonkhana sipalephera kubuka mkangano wa mawu.

Woyamba kufunsa ndi muulutsi wa ku Nchalo komweko. Iye akuti tsiku lina analengeza kuti, "Tsopano tilowe m'chamba cha rege," ndipo m'mawa mwake mkulu wa mpingo wa kwawo anamuitanira pambali n'kumufunsa chifukwa chimene akulimbikitsira fodya wamkulu pa wailesi. Funso lake n'lakuti kodi analakwitsa Chichewa, kapena aleke mawuwa n'kumanena kuti "mtundu wa nyimbo".

Simunalakwitse, achimwene. Mawu akuti chamba ali ndi matanthauzo awiri amene akhala moyandikana kuyambira kale: lina ndi la chomera chija apolisi amamanga nacho anthu, ndipo lina ndi la gule pamodzi ndi kavinidwe, kaombedwe ka ng'oma ndi kaimbidwe kake. Tanthauzo lachiwirili ndi limene linakula n'kufika pa nyimbo zamakono, kotero kuti lero timanena kuti chamba cha rumba, chamba cha manganje, chamba cha sungura, popanda wina kutsonya. Chimene chinakugwetsani m'mavuto ndi dzina limene munaika kutsogolo kwake. Rege inabadwira ku Jamaica chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndipo inakula limodzi ndi chipembedzo cha Rasta, chimene anthu ambiri kuno amachiganizira pamodzi ndi fodya uja. Choncho khutu la munthu wamkulu likamva chamba ndi rege zitagundana m'chiganizo chimodzi, limathamangira ku tanthauzo loyamba. Mukananena kuti chamba cha likhuba, mkuluyo akanangogwedeza mutu n'kupitiriza kumwa tiyi wake.

Langizo langa n'lakuti mawuwa musawataye, koma musawasiye okha. Kunena kuti "omvera athu amakonda chamba" n'kudziputira mlandu, pamene "omvera athu amakonda chamba cha rege ya ku Balaka" kapena "chamba chimene Evison Matafale anatchuka nacho" sikusiya mpata wa chikaiko. Za "mtundu wa nyimbo" sindikutsutsa, n'Chichewa cholondola, koma mawu akuti mtundu atopa ndi ntchito: mtundu wa anthu, mtundu wa nsalu, mtundu wa mbewu, mtundu wa galimoto. Chamba chili ndi fungo la pabwalo, chimakumbutsa fumbi ndi ng'oma, ndipo n'chifukwa chake ine ndimachikonda.

Pochulukitsa timati zamba, monga momwe chaka chimakhalira zaka ndi chala chimakhalira zala. Ndamvapo aulutsi ena akunena kuti "machamba", ndipo ndikupempha kuti aleke, chifukwa dzinali lili m'gulu la chi- ndi zi-, ndipo agwirizanitsi ake amatsata gululo: chamba chatsopano, zamba zatsopano. Kwa inu a kuchigwa amene munakulira m'Chisena, kumene zinthu zimatchedwa pinthu, lilime limafuna kuika pi- pamene Chichewa chimaika zi-, ndipo palibe chodabwitsa pamenepo; chofunika n'kudziwa chiyankhulo chimene mukuyankhula pa mphindi imeneyo.

Pali kusiyana kwina kumene aulutsi achinyamata amakusokoneza. Nyimbo ndi imodzi, ili ndi poyambira ndi pothera. Gule ndi wovina. Chamba chimakuta nyimbo zambiri zofanana kakonzedwe. Ulimba ndi chida, chija cha timatabwa toyalidwa pamwamba pa zikho chimene Asena amachidziwa bwino, ngakhale kuti dzinalo limafikanso ku gule amene amavinidwa chidacho chikamalira. Bangwe nayenso ndi chida, cha nsambo zomangidwa pa thabwa. Tsono munthu akati "tikuikireni bangwe", omvera amamva kuti ikubwera nyimbo yoimbidwa ndi bangwe, ndipo palibe cholakwika, koma polemba ndandanda wa mapologalamu ndi bwino kulemba kuti "nyimbo za bangwe".

Funso lachiwiri ndi lalifupi, lochokera kwa mtsikana wa ku Ngabu amene amalemba zidziwitso za wailesi yawo pa Facebook. Akufuna kudziwa ngati mayina a zamba zakunja alembedwe m'Chichewa kapena asiyidwe momwe alili. Mayina amene anakhazikika m'kamwa mwathu, monga rege ndi rumba, alembeni momwe timawatchulira. Nyimbo za kutchalitchi zili nalo kale dzina, timati nyimbo zauzimu, ndipo palibe chifukwa chobwerekera lina. Amapiano asiyeni choncho, koma musanene kuti "ma amapiano", chifukwa ama- wa kumayambiriroyo ndi mphatikiram'mbuyo wochulukitsa wa Chizulu, mnzake wa ma- wathu, ndipo kuwonjezerapo wina kuli ngati kunena kuti "mamasamba". Dzina la kwela nalo linachokera ku South Africa, ndipo n'lapachibale ndi mneni wathu wakuti kwera. Chamba chimenechi anachizika kuno ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka. Za wailesi ndi wayilesi, zonse ziwiri mudzaziona m'mabuku ndi m'manyuzipepala, choncho sankhani imodzi n'kuigwiritsitsa. Chondiseketsa n'chakuti mawuwa anachokera ku Chingerezi, kumene ankatanthauza chinthu chopanda mawaya, ndipo afika poyeneradi tsopano pamene wailesi yalowa m'foni.

Funso limene landigwira mtima kwambiri lachokera kwa mayi wina wa ku Bangula. Mayiwa amamvera pologalamu ya nyimbo zakale Loweruka lililonse madzulo, ndipo amatumiza moni pa WhatsApp. Tsiku lina muulutsi, amene ndi bambo, anati, "Nyimbo iyi ipite kwa bwenzi langa la ku Bangula," n'kutchula dzina lawo. Amuna awo anali pompo pa mkeka, foni ili pakati pawo itatsamira pa mtondo, ndipo chakudya cha usiku umenewo chinadyedwa mwakachetechete. Mayiwa akufunsa kuti: kodi bwenzi si mnzako basi?

Mayi, m'mabuku muli bwino, koma pa mkeka amuna anu sanamve molakwa. Poyamba bwenzi ndi munthu amene mumakondana naye ndi kukhulupirirana, popanda za chikondi cha mwamuna ndi mkazi. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, limatcha Abrahamu bwenzi la Mulungu, ndipo palibe amene amaganizapo zachilendo. Koma chiyankhulo chinagawa tsinde limeneli pawiri: ubwenzi ndi wa anthu ogwirizana, ngakhale wa mayiko, pamene chibwenzi ndi cha mnyamata ndi mtsikana. Dzina la munthuyo, bwenzi, linatsala pakati, likutumikira mbali zonse ziwiri. Mwamuna akanena za mwamuna mnzake kuti bwenzi langa, aliyense amamva ubwenzi. Mwamuna akanena za mkazi, makamaka pagulu, makutu ambiri amamva chibwenzi. Muulutsiyo mwina analibe maganizo oipa, koma anayenera kudziwa kuti mawu ake akugwera m'nyumba za eni.

Anayenera kunena chiyani? Mawu otetezeka ndi akuti anzathu, kapena "mayi athu a ku Bangula", kapena "omvera athu okhulupirika". Onani kuti ndachulukitsa, chifukwa kuchulukitsako kumachita ntchito ziwiri nthawi imodzi: kumapereka ulemu, ndiponso kumachotsa mayiwa m'manja mwa muulutsi yekha n'kuwaika m'manja mwa gulu lonse. "Langa" ndiye anawononga zinthu kuposa "bwenzi". Pa wailesi, muulutsi wanzeru amati athu, ndipo amamutchula womvera kuti inu ngakhale atakhala mwana wa sukulu, pokhapokha ngati awiriwo ndi amsinkhu umodzi ndipo pologalamuyo ndi ya macheza a achinyamata.

Mawu akuti mnzanga ali ndi khalidwe limene ndimafuna ophunzira aliyang'anitsitse. Simungawatchule popanda kunena mwini wake. Pali mnzanga, mnzako, mnzake, mnzathu, mnzanu ndi mnzawo, koma palibe "mnza" woima payekha, ndipo mukafuna kunena za anthu awiri mumati munthu ndi mnzake. Komanso mnzako sachita kukhala wapamtima: amene mwakwera naye bwato limodzi powoloka Shire ndi mnzanu wa paulendo, ngakhale simukudziwa dzina lake. N'chifukwa chake mawuwa amakwana bwino pa anthu amene amakumana pa pologalamu imodzi sabata ndi sabata osaonana nkhope.

Kuchigwa kuno muli ndi chuma china. Shamwali wa Chisena, amene ena amamutchula kuti tsamwali, ndi mnzako wapamtima, ndipo aulutsi a kuno akamati "ashamwali athu a ku Marka" omvera amamva ngati ali kwawo. Palinso chinjira, ubwenzi wa amayi awiri amene amapatsana mphatso ndi kuthandizana pa ukwati ndi pa maliro. Mawu amenewa ndi a pakati pa amayi, ndipo bambo woulutsa mawu asawagwiritse ntchito poitana womvera wamkazi, chifukwa adzangosekedwa.

Mphunzitsi wina wa ku Makhanga wafunsa ngati anthu a pa wailesi atchedwe omvera kapena omvetsera, popeza kumvera kumatanthauzanso kutsata lamulo. N'zoona kuti mwana womvera ndi amene sachita mwano, ndipo n'zoonanso kuti kumvetsera ndiko kutchera khutu mwachidwi. Koma chizolowezi chinagamula kale mlanduwu: kuyambira masiku a MBC, imene inakhazikitsidwa mu 1964, takhala tikumva kuti "okondedwa omvera", ndipo magulu a m'midzi amene amakhala pansi pa mtengo kuzungulira wailesi imodzi amatchedwa makalabu omvera wailesi. Mungathe kupempha anthu kuti amvetsere uthenga wofunika, monga chenjezo la madzi osefukira, koma dzina lawo likhalebe omvera.

Mphunzitsi yemweyo wadandaula kuti aulutsi amakonda kunena kuti "banja la wailesi yathu", pamene anthuwo si apachibale, ndipo akufuna kuti azinena kuti gulu. Pamenepa ndisiyana nanu pang'ono, aphunzitsi. Gulu ndi anthu amene ali pamodzi, kaya pa msika kaya pa depoti, ndipo mawuwa salonjeza kanthu. Banja limalonjeza. Ngati omvera a wailesi ina amasonkherana chipepeso mmodzi wa iwo akaferedwa, ngati anafunsana za moyo ndi kutumizirana thandizo pamene namondwe wa Freddy anasakaza chigwachi mu Malichi 2023, ndiye kuti dzina la banja analigwirira ntchito. Koma wailesi imene yangoyamba mwezi watha, omvera ake sanadziwane n'komwe, ikamadzitcha banja imakhala ikudya za m'tsogolo, ndipo kwa iyo gulu likukwanira.

Funso lotsiriza lachokera kwa muulutsi amene amakhala ku Lilongwe koma omvera ake ambiri ndi a ku Nsanje. Akuti akawaikira nyimbo imene anapempha, amamulembera kuti "takhuta", ndipo poyamba ankaganiza kuti akumuuza kuti nyimbozo zawakwana, aleke. Atadziwa tanthauzo lake, akufunsa ngati aziwakonza kuti azinena zikomo, popeza pologalamu yake ndi ya Chichewa.

Musawakonze, chifukwa sanalakwitse kanthu. M'Chisena takhuta ndiko kuthokoza, ndipo m'Chichewa ndi mawu a munthu amene wadya mokwanira. Tsinde lake ndi limodzi, ndipo sipafunika nzeru zambiri kuona njira imene inachoka pa mimba yokhuta kufika pa mtima woyamika. Kumbukiraninso kuti chigwachi si mlendo pa chiyankhulo chathu. Chimang'anja cha ku Chikwawa ndi nthambi ya Chinyanja, ndipo dikishonale yaikulu ya David Clement Scott ya mu 1892 inatchedwa ya Chimang'anja. Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, wailesi ya boma inkaulutsa m'Chichewa ndi m'Chingerezi mokha, ndipo Chisena chinadzamveka pa nkhani za wailesiyo pambuyo pa kusintha kwa ndale kwa mu 1994. Anthu amene anadikira zaka zonsezo kuti amve mawu a kwawo pa wailesi sangakondwe kudzudzulidwa ndi muulutsi amene iwo eni anamusankha pa foni zawo.

Chimene mungachite n'kuwerenga uthengawo momwe walembedwera, kenaka n'kuwonjezera mawu awiri kapena atatu kwa omvera a ku Kasungu kapena ku Dedza amene angasokonezeke monga munasokonezekera inu: "Akuti takhuta, ndiko kuti zikomo kwa anzathu a ku Nsanje." Mukatero kawiri kapena katatu, simudzafunikanso kumasulira. Ndipo wina akakulemberani m'mawa kuti "mwacherwa tani", musapepese poganiza kuti akukudzudzulani kuti mwachedwa kutsegula wailesi; akukufunsani kuti mwadzuka bwanji.