Yankho kwa mtsikana wofuna kukhala namwino wa ana odwala shuga

Pa imelo pandifika kalata yochokera kwa mtsikana wina amene watsala pang'ono kumaliza sekondale. Akuti mng'ono wake wa zaka 9 anamupeza ndi matenda a shuga, ndipo chionereni mmene namwino wina ankamusamalira, mtima wake uli pa unamwino basi. Akufunsa kuti: "Kodi ilipo sukulu yophunzitsa unamwino wa ana a shuga okhaokha? Nanga ntchitoyo imakhala yotani?"

Achemwali, zikomo pondilembera. Njira yake siyambira pa shuga. Mumayamba mwaphunzira unamwino wonse, nthawi zambiri zaka zitatu kapena zinayi malinga ndi dziko komanso ngati ndi dipuloma kapena digiri, kenaka mumalembetsa ku bungwe loyang'anira anamwino kuti akupatseni chilolezo. Maphunziro apadera a ana kapena a shuga amabwera pambuyo, mutagwirako ntchito m'wodi. Mayiko ena, monga UK, amalola munthu kusankha unamwino wa ana kuyambira chaka choyamba, komabe ngakhale kumeneko za shuga mumadzazizama mutamaliza.

Zisakugwetseni mphwayi. Mwana wa shuga safika kuchipatala atalembedwa pamphumi. Amabwera akusanza, m'mimba mukumupota, akupuma mozama ndi mofulumira, mwina wayamba kale kukomoka, ndipo n'zosavuta kuganiza kuti ndi chibayo kapena matenda ena. Chomwe chachitika n'chakuti thupi lasowa insulini (chinthu chimene chimathandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga wa m'magazi), layamba kuwotcha mafuta, ndipo asidi wachuluka m'magazi, vuto lomwe achipatala amalitchula kuti DKA. Namwino amene waonapo ana ambiri odwala zosiyanasiyana ndi amene amakumbukira kufunsa mayi kuti: kodi masabata apitawa mwanayu amamwa madzi kwambiri, kukodza pafupipafupi, kuwonda, kapena wayambiranso kukodzera pogona? Kadontho kamodzi ka magazi a pachala kamapereka yankho m'masekondi ochepa, koma pafunika munthu woti aganize zoyeza.

Ana ang'onoang'ono ambiri odwala shuga amakhala ndi shuga wa mtundu woyamba. Chitetezo cha m'thupi chimawononga maselo a m'kapamba amene amapanga insulini. Sikuti mwana anadya zotsekemera zambiri, ndipo si kulakwa kwa makolo. Mawu amenewa mudzawanena kambirimbiri kwa amayi odziimba mlandu. Insulini asanatulukiridwe mu 1921 ku Toronto ndi Frederick Banting ndi Charles Best, ana otere sankakhalitsa. Woyamba kubayidwa anali mnyamata wina dzina lake Leonard Thompson, mu Januwale 1922. Mpaka lero palibe china cholowa m'malo mwa insulini kwa mwana wa shuga wa mtundu umenewu.

Tsono funso lanu lachiwiri. Ine ndikuti gawo lalikulu la ntchitoyi ndi uphunzitsi. Mwana amabwera ku kiliniki mwina kamodzi pa miyezi itatu, koma jakisoni amabayidwa kunyumba tsiku lililonse, kangapo, inu kulibe. Choncho chimene mwasiya m'mutu ndi m'manja mwa banjalo ndicho chimasunga mwanayo. Mudzawaphunzitsa kukoka mlingo woyenera, kusinthasintha malo obaya pamimba, pantchafu ndi pamkono, chifukwa kubaya pamodzimodzi kumatupitsa khungu ndipo mankhwala salowanso bwino. Mudzawauza kuti insulini yosatsegula imasungidwa pozizira madigiri 2 mpaka 8, isaume ngati ayezi, isakhale padzuwa, ndipo botolo likatsegulidwa limagwira ntchito pafupifupi milungu inayi. Mudzawathandiza kuzindikira shuga akatsika kufika pa 3.9 mmol/L kapena kutsikirapo: mwana amanjenjemera, amatuluka thukuta, amalusa popanda chifukwa, ndipo amafunika chotsekemera nthawi yomweyo. Phunziro lovuta kulandira n'lakuti mwana akadwala n'kukana kudya, insulini sasiyiratu. Kholo lililonse limaganiza kuti "sanadye, ndimubayirenji?" ndipo ana ambiri abwerera m'wodi chifukwa cha maganizo omveka bwino amenewa.

Aphunzitsi akusukulu nawonso ndi ophunzira anu, agogo chimodzimodzi.

Pali msinkhu umene udzakuyeseni mtima. Mwana akamakula n'kutha msinkhu, thupi limafuna insulini yochulukirapo, pomwe iye watopa nazo zobayabaya ndipo sakufuna kuti anzake adziwe. Ena amalemba manambala abodza m'kabuku kolembamo zotsatira za kuyeza shuga, koma kuyeza kwa HbA1c, komwe kumaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, kumawaulula. Namwino wokalipa amangophunzitsa mwanayo kunama mwaluso. Amene amayamba wafunsa kuti "chikukuvuta n'chiyani masiku ano?" ndi amene amamva zoona.

Ndikuchenjezeniko chimodzi, popeza matendawa ali m'nyumba mwanu. Mudzadziwa zinthu zimene buku siliphunzitsa, monga mantha a pakati pa usiku. Koma mudzakumananso ndi mabanja amene sachita zonse mmene kwanu mumachitira, ena chifukwa chosowa zoyezera, ena chifukwa chotopa, ndipo kudzakhala kosavuta kuwaweruza. Dzifunseninso ngati mungakonde unamwino atakutumizani ku wodi ya akuluakulu zaka zingapo, pakuti zimenezi zimachitika.

Pakadali pano limbikirani sayansi ya zamoyo, kemisitire ndi masamu. Masamuwo musawapeputse: insulini yofala imakhala mayuniti 100 pa mililita imodzi, ndipo mlingo wa mwana umawerengeredwa potengera kulemera kwake, moti kulakwitsa pang'ono n'koopsa. Perekezani mng'ono wanu ku kiliniki ndipo pemphani namwino uja akuuzeni njira imene iye anadutsa. Pa intaneti werengani malangizo a bungwe la ISPAD, lomwe limaona za shuga mwa ana ndi achinyamata, ndiponso zophunzitsira za Life for a Child, pulogalamu yomwe imathandiza ana ndi insulini ndi zoyezera m'mayiko osauka. Ngati kwanuko kuli gulu la odwala shuga, pa 14 Novembala, tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse, kadziperekeni kuthandiza. Anamwino amene mukufuna kufanana nawo mukawapeza kumeneko.