Nanga Havel uja anali ngwazi kapena ayi?

Achimwene ena andilembera imelo sabata yatha, akuti anatera pa bwalo la ndege ku Prague, likulu la Czech Republic, nkuona kuti bwaloli linatchulidwa dzina la Václav Havel, pulezidenti wakale wa dzikolo, koma atafunsa wa takisi za munthuyu, mkulu uja anangotsonya basi. Ndiye akufunsa kuti kodi anthu akwawo samukonda?

Achimwene, amamukonda, maliro ake mu December 2011 anthu anadzaza misewu ndipo bwalo lija analisintha dzina mu 2012. Koma wa takisi uja sali yekha ayi.

Havel anali wolemba zisudzo, mwana wa banja lolemera lomwe achikomyunizimu analilanda katundu atatenga boma mu 1948, nthawiyo dzikolo lili mbali ya Czechoslovakia. Akasinja a Soviet Union atalowa m'dzikomo mu August 1968 zisudzo zake zinaletsedwa, mpaka mu 1974 anakagwira ntchito yogubuduza migolo pa fakitale ya mowa ku Trutnov. Mu 1977 iye ndi anzake anatulutsa chikalata cha Charter 77, chodzudzula boma pa zaufulu, ndipo kuyambira 1979 mpaka 1983 anali kundende. Mu 1978 analemba za munthu wogulitsa masamba amene amapachika pawindo chikwangwani cha chipani, osati poti amakhulupirira, koma kuti asavutitsidwe. Ife amene tinakula tikuona chithunzi cha Kamuzu mugolosale iliyonse, khadi ya chipani ili mthumba popita kumsika, nkhani imeneyi sitifunika kumasuliridwa.

Tsono vuto lili pomwepo. Anthu ambiri ku Czechoslovakia anali ogulitsa masamba aja, sanasaine kanthu, anangokhala phee kulera ana awo. Ndiye November 1989 anthu akuliza makiyi potsutsa boma pa Wenceslas Square ku Prague, boma nkugwa, pa 29 December munthu wa kundende uja ndi pulezidenti, ndipo akuwauza kuti tonsefe tinathandiza kuti dongosolo lija liziyenda. Zoona zake, koma amafuna ndani kumakumbutsidwa zimenezo chaka ndi chaka?

Zinanso anazilakwitsa yekha, kapena tinene kuti anthu sanamukhululukire. Mu January 1990 anatulutsa akaidi oposa theka, umbava utakwera aliyense ankaloza iye. Anapepesa pa nkhani yothamangitsa ma German m'dzikomo nkhondo yachiwiri itatha, azigogo ambiri anakwiya kwabasi. Dziko linagawikana kukhala Czech Republic ndi Slovakia pa 1 January 1993 iye akukana, anachita kutula pansi udindo mu July 1992, kenako anabwerera ngati pulezidenti wa Czech Republic mpaka 2003. Mkazi wake Olga, yemwe anthu ankamukonda kwambiri, anamwalira mu January 1996, chaka chitangotha bambo akwatira Dagmar, wazisudzo, ndiye mukudziwa milomo ya anthu. Chimene chimandipweteka ine ndi cha Iraq, mu 2003 anasaina kalata yogwirizana ndi America pa zokamenya nkhondo kumeneko, munthu amene ankatiphunzitsa kusakhulupirira mabodza a maboma eti.

Nthawi yonseyi nkuti kunja akumuombera m'manja, ku Washington analankhula ku Congress mu February 1990, dziko analilowetsa mu mgwirizano wa zachitetezo wa NATO mu 1999. Kwawo chuma ankayendetsa Václav Klaus, mdani wake pandale, amene ankamuona ngati mlaliki wosadziwa mitengo ya zinthu pamsika. Mawu ake aja oti choonadi ndi chikondi ziyenera kugonjetsa bodza ndi chidani, ena anawasandutsa chipongwe, mpaka pano omutsatira amawatcha "a choonadi ndi chikondi" mowanyogodola.

Mukadzapitanso mudzamufunse wa takisiyo kuti mu 1989 anali kuti, ndipo bambo ake ankagwira ntchito yanji.