Lendi ku Cape Town: Dipoziti Yanga Ibwerera?

Funso: Akonzi, ndimachita lendi ku Woodstock, mu mzinda wa Cape Town. Mwininyumba akuti ndituluke mgwirizano ukatha chifukwa akufuna kumagonekamo alendo a masiku ochepa opeza malo ogona pa intaneti kudzera pa Airbnb. Kodi dipoziti yanga ndiiwale?
Wowerenga, Cape Town

Yankho: Musaiwale ayi. Zoterezi zachuluka m'madera oyandikira nyanja ndi pakati pa mzinda, poti mlendo wa masiku ochepa amalipira zambiri kuposa wokhala mwezi ndi mwezi. Koma lamulo la ku South Africa la Rental Housing Act la 1999 limateteza aliyense wochita lendi, ngakhale wobwera.

Dipoziti imayenera kusungidwa kubanki, n'kubwezedwa ndi chiwongoladzanja chake. M'masiku atatu omaliza, yenderani nyumbayo limodzi ndi mwiniwake. Jambulani makoma, mipope, mita ya magetsi. Ngati palibe chowonongeka ndipo mulibe ngongole kwa mwininyumba, akubwezereni pasanathe masiku 7 mgwirizano utatha. Ngati akonzetsa china, masiku 14, ndipo aonetse malisiti. Ambiri amagwa posamuka usiku osayendera: mwininyumba amayendera yekha, mng'alu wakale n'kukhala wanu. Akakana kubweza, kadandauleni ku Rental Housing Tribunal, bwalo lomva madandaulo a lendi, ya chigawo cha Western Cape. N'kwaulere. Tengani mgwirizano ndi umboni wa malipiro.