Andipempha kulowa mu kafukufuku wa khansa, ndivomere?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, dzina sinditchula. Akuti: "Khansa yanga ya m'bere yafalikira ku mafupa, adokotala akuti ndi siteji 4. Pano anesi andipempha ndilowe mu kafukufuku, azinditenga magazi ndi kuona fayilo yanga. Abale akuti ndisayerekeze, akufuna kundiyesera mankhwala. Nditani?"

Achemwali, pepani kaye. Yanganso inafika pa msana, ndiye ndikudziwa mmene mawu oti siteji 4 amakhalira ngati wina wakuthira madzi ozizira. Tanthauzo lake ndi loti yachoka m'bere yapita kwina, kawirikawiri ku mafupa, chiwindi, mapapo kapena ubongo, koma ikadali khansa ya bere yomweyo, mankhwala akenso ndi a bere. Kuchiriratu n'kovuta, sindikunamizani, koma imagwirika, ena timangomwa mapiritsi a tamoxifen m'mawa n'kupita ku geni monga mwa masiku onse.

Tsopano za kafukufuku. Abale anuwo musawakalipire, ife tinakulira nkhani za anamapopa, mu 2017 ku Mulanje anthu mpaka anaphedwa chifukwa cha mphekesera zomwezo, ndiye munthu akamva zoti magazi mtima umadumpha. Koma kafukufuku alipo wa mitundu iwiri ndipo kusiyana kwake ndi kumene muyenera kufunsa. Wina amangoona, amatenga magazi kapena kachidutswa ka chotupa kamene anadula kale, n'kumalemba mmene mukuyendera, mankhwala anu sasintha. Winayo ndi woyesa mankhwala atsopano, uyu ndiye amafuna kuganiza mofatsa. Mmene mwalembera, wanuwo akuoneka ngati woyambayo, koma funsani, musangotengera ine.

Ine tsiku londilembetsa anandipatsa fomu ya masamba angapo, ya Chichewa, nesi n'kumandiwerengera pang'onopang'ono ine ndili ndi mutu waukulu chifukwa cha kemo, mankhwala amphamvu a khansa, wa dzulo lake. Ndinamuuza kuti aaa ayi, ndikawerengere kunyumba. Sanakwiye. Ndinabwera nayo sabata yotsatira itadontheredwa tiyi, mafunso atatu ndalemba kumbuyo kwake: ndani wavomereza zimenezi, magazi anga apita kuti, nanga ndikafuna kusiya? Kuno kwathu kafukufuku wa zaumoyo amayenera kudutsa ku komiti yoona ngati kafukufuku akuteteza anthu, monga NHSRC ya boma kapena ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ndipo kusiya ndi ufulu wanu tsiku lililonse, thandizo lanu la kuchipatala silikuyenera kusokonekera chifukwa mwakana. Akakuuzani zosiyana ndi zimenezi, nyamulani chikwama chanu.

Chimene sindikufuna mulowe nacho ndi chiyembekezo choti kafukufukuyo akuchizani. Wongoonayo phindu lake limapita kwa ena a m'tsogolo, inu mwina mungopeza ya thiransipoti basi. Ine ndinalowabe, chifukwa zimandiwawa kuti zambiri zimene madokotala amadziwa za matendawa zinachokera kwa amayi a ku Ulaya ndi ku America. Ku America mu 2015 mabungwe a kafukufuku a Broad Institute ndi Dana-Farber anayambitsa kafukufuku wa khansa ya bere yofalikira wotchedwa Metastatic Breast Cancer Project, odwala okha amalembetsa pa intaneti n'kutumiza malovu awo pa positi, tangoganizani eti, malovu. Mankhwala a trastuzumab amene amathandiza odwala khansa ya bere ya mtundu wa HER2 anavomerezedwa mu 1998 chifukwa amayi a siteji 4 ngati ifeyo anavomera kuyesedwa. Nanga ife tikapanda kulembedwa penapake, adzadziwa bwanji mmene imatigwirira kuno, komwe ambiri timafika kuchipatala mochedwa?

China, mafupawo ngati akupweteka usiku musapirire ayi, pemphani akutumizeni kwa a paliyetivu, amene amathandiza kuchepetsa ululu, ku Queens kuli Tiyanjane, ku Salima kuli Ndi Moyo, morphine wamadzi alipo ndipo kumwa sikutanthauza kuti mwatsala pang'ono. Tsiku lokasaina mutengane ndi m'bale amene akukanitsitsa uja, akafunse yekha mafunso akewo kwa nesi.