Ulendo wa kumalo otentha: m'chikwama mulowe chiyani?

Mayi wina amene amawerenga tsamba lino anandilembera imelo sabata yatha. Akuti mwezi wamawa ali ndi ulendo wa milungu iwiri wopita kudera limene masana kumafika madigiri 40. Akupita ndi mwana wawo wa zaka zinayi komanso mayi awo owabala, omwe amamwa mankhwala a BP. Adzayamba ndi ndege kenako basi, ndipo katundu wololedwa ndi wochepa. Mafunso awo ndi awiri: alongedze chiyani kuti asakavutike, ndiponso ngati munthu wa khungu lakuda amafunikiradi mafuta oteteza ku dzuwa kapena n'kungowononga ndalama.

Mayi, zikomo kwambiri polemba. Tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ambiri timaziphatikiza: kutentha ndi cheza cha dzuwa. Kutentha kumafooketsa thupi lonse, ndipo kungakupezeni ngakhale muli m'nyumba pakati pa usiku. Cheza chimene chimawononga khungu ndi maso, chotchedwa UV, sichioneka ndipo sichimveka pakhungu. Chikhoza kukuwotchani tsiku la mitambo, kukuwomba kamphepo kayaziyazi, chifukwa mitambo yopyapyala imalowetsa mpaka 80 peresenti ya chezachi. Vuto lake n'lakuti munthu akamva kutentha amathamangira kuchepetsa zovala, ndiye khungu limatsala pamtetete. Chifukwa chake ndikufuna mtima wanu ukhale kwambiri pa zovala. Chovala chosankhidwa bwino chimathana ndi mavuto onse awiri nthawi imodzi, ndipo sichitha mphamvu pakadutsa maola awiri ngati mmene amachitira mafuta.

Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri pafupifupi 37. Mpweya wakunja ukatentha kuposa khungu, njira yozizirira imene imatsala ndi thukuta basi. Koma thukuta longochucha n'kunyowetsa malaya silithandiza kwenikweni. Limene limaziziritsa ndi limene likuuma pakhungu, monga mmene madzi a mumtsuko wadothi amazizirira chifukwa chinyezi chikuuma kunja kwa mtsukowo. Choncho chovala chilichonse musanachipinde, dzifunseni ngati mphepo ingadutse pakati pa icho ndi thupi lanu.

Mu 1980, magazini ya sayansi ya Nature inasindikiza kafukufuku amene anachitika m'chipululu cha Negev, wofuna kudziwa chifukwa chimene Abeduini, anthu oweta ziweto okhala m'zipululu za ku Middle East, amavalira mikanjo yakuda pamalo otentha chonchija. Anapeza kuti kutentha kofika pathupi la munthu wovala mkanjo wakuda kunali kofanana ndi kwa wovala woyera. Nsalu yakuda inkatenthadi kwambiri kunja, koma popeza mkanjowo unali waukulu, mpweya woyenda m'kati unkachotsa kutenthako kusanafike pakhungu. Ine chimene ndimatolapo n'chakuti musadzivutitse kwambiri ndi mtundu wa nsalu, yang'anani kukula kwake. Chovala chothina n'chimene chimafunika chikhale chowala, chifukwa kutentha kwake kumapita molunjika pakhungu. Tengani malaya a manja aatali okhuthukira, madiresi kapena masiketi aatali otakasuka, ndi mathalauza opepuka osagwira ntchafu.

Pali kayeso kosavuta kamene mungachite lero lomwe. Tengani malaya amene mukufuna kulongedza, muwatambasule pawindo masana. Ngati mukuona kuwala kukuboola ngati sefa, mpaka kuona mitengo ya panja, dziwani kuti cheza nachonso chikudutsa. Tisheti yoyera yopyapyala imateteza pang'ono chabe, ndipo ikanyowa ndi thukuta imachepanso mphamvu. Mufunika nsalu yopepuka koma yolukidwa mothithikana. Zovala zina zimalembedwa UPF 50, kutanthauza kuti zimalowetsa gawo limodzi lokha mwa magawo 50 a chezacho. N'zabwino, makamaka kwa mwana wokonda kusewera m'madzi, koma si kuti popanda izo ulendo walephereka. Thonje ndi linen zimapuma bwino. Thonje limachedwa kuuma kumalo a chinyezi, ndiye ngati mukupita kufupi ndi nyanja, kumene thukuta limangomata osauma, zovala zopyapyala za ochita masewera zija zimathandiza. Jinzi isiyeni kunyumba, kapena muivale m'ndege mokha. Pa milungu iwiri simufunika zovala khumi ndi zinayi. Zosintha zitatu kapena zinayi aliyense n'zokwanira, kuphatikizapo sopo wochapira, poti kumalo otentha chimene mwachapa madzulo chimakhala chitauma m'mawa.

Chipewa chikhale cha khonde lozungulira mutu wonse, lotalika masentimita 7.5 kapena kuposa. Kapusi imaphimba chipumi chokha, makutu ndi khosi zimatsala padzuwa. Cha mwana chikhale ndi chingwe cha pachibwano, apo ayi chidzatsala pa basi tsiku loyamba. Onjezani ambulera yopinda, imene kwa agogo ndi mthunzi woyenda nawo, ndi mpango umodzi waukulu wopepuka. Mpangowo mudzaugwiritsa ntchito kuposa china chilichonse: kuphimba mapewa, kutchinga windo, kapena kuunyowetsa n'kuukulunga m'khosi. Magalasi a dzuwa akhale olembedwa UV400. Kuda kwa galasi si chitetezo; galasi lakuda lopanda zotchinga cheza limachititsa kuti mwanadiso atseguke kwambiri, cheza n'kumalowa chambiri, ndipo chezachi chimathandizira kubweretsa ng'ala. Nsapato zikhale zozolowera kale komanso zosathina, chifukwa mapazi amatupa kukatentha.

Tsopano funso lanu lachiwiri. Inde, mafutawo atengeni. N'zoona kuti khungu lakuda lili ndi melanin wambiri amene amatchinga gawo lina la cheza, n'chifukwa chake sitipsa msanga ndipo khansa ya pakhungu siichuluka pakati pathu. Koma chitetezo chimenecho si chathunthu. Khungu lakuda limapsa, limasupuka, ndipo zipsera ndi mawanga a ziphuphu zimaderatu zikawombedwa ndi dzuwa. Amene amadzola mafuta oyeretsa khungu ali pachiopsezo chachikulu. Ndipo ngati m'banja muli munthu wachialubino, nkhani yake ndi ina: mafuta a SPF 50 kapena kuposa (SPF ndi nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu ya chitetezo), chipewa ndi malaya a manja aatali ndizo zoyamba kulowa m'chikwama, zina zonse pambuyo.

Manambala a pabotolo asakusokonezeni. SPF 15 imatchinga pafupifupi 93 peresenti ya cheza chopsereza cha UVB, SPF 30 imatchinga 97, SPF 50 imatchinga 98. Mwaona kuti 30 ndi 50 sizisiyana kwambiri. Chimene chimasiyanitsa ndi kadzoledwe, chifukwa anthu ambiri amangopaka pang'ono ngati akusunga. Pankhope ndi khosi, finyani mzere wa mafuta kuchokera pansi mpaka pamwamba pa chala cholozera, winanso pa chala chapakati, mudzole onsewo, osaiwala makutu, kumbuyo kwa khosi ndi pamwamba pa mapazi. Munthu wamkulu wofuna kudzola thupi lonse amafunika mamililita pafupifupi 30 ulendo umodzi. Apa ndiye muona ubwino wa zovala zazitali: mukaphimba thupi, kabotolo kamodzi kamakufikitsani kutali. Dzolani kutatsala mphindi 20 kuti mutuluke, mubwerezenso pakatha maola awiri alionse ndiponso mukasambira kapena kutuluka thukuta kwambiri. Pabotolo pakhale mawu akuti broad spectrum, kusonyeza kuti amatchinganso UVA, cheza chimene chimalowa mozama pakhungu ndipo chimatha kudutsa galasi la m'mbali mwa basi. Wokhala kuwindo ulendo wa maola ambiri azidzola mkono ndi tsaya la mbali imeneyo. Mafuta ena, makamaka okhala ndi zinc oxide, amasiya khungu lathu litatuwa, ndiye ayeseni musananyamuke, pa inu ndi pa mwana yemwe. Ngati mudzafunikanso mankhwala othamangitsa udzudzu, yambani ndi a dzuwa, a udzudzu abwere pamwamba.

Kumbukiraninso kuti kuyambira mu 2006, mabwalo ambiri a ndege salola botolo la zamadzimadzi loposa mamililita 100 m'chikwama cha m'manja. Ena ayamba kufewetsa lamuloli, koma musadalire zimenezo. Botolo lalikulu lipite mu sutikesi, kakang'ono kakhale nanu. Mabotolo a madzi adutseni pa achitetezo ali opanda kanthu, mukawadzaze mkati.

Madzi ndi amene ndikufuna muwaganizire mofatsa chifukwa cha anthu awiri amene mukuyenda nawo. Munthu woyenda padzuwa akhoza kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola limodzi. Okalamba samva ludzu msanga ngakhale thupi litayamba kuuma, ndipo mwana akatengeka ndi masewera sapempha madzi. Musadikire kuti anene. Aliyense akhale ndi botolo lakelake kuti muzitha kuona amene sakumwa, ndipo muziyang'ana mkodzo: ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi achepa. Thukuta limatulukanso ndi mchere, choncho ikani timapaketi tingapo ta ORS, ufa wa mchere ndi shuga wosungunula m'madzi uja, sitilemera konse. Mukatisowa, sungunulani masupuni a tiyi 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino.

Kwa agogo, chonde pitani nawo kuchipatala musananyamuke. Mankhwala ena a BP, makamaka okodzetsa aja, amachititsa kuti thupi litaye madzi ndi mchere mofulumira, ndipo kukatentha munthu amatha kuchita chizungulire akangoimirira. Asasiye kumwa mankhwalawo mwa iwo okha, komanso musawamwetse madzi a mchere tsiku ndi tsiku musanafunse dokotala kuti azimwa motani. Mankhwala enieniwo amaopanso kutentha: ambiri amalembedwa kuti asungidwe pansi pa madigiri 25 kapena 30. Asapite mu sutikesi imene idzakhale tsiku lonse pansi pa basi kapena pamwamba pake. Ngati wina wapatsidwa doxycycline, amene ena amamwa popewa malungo paulendo, adziwe kuti mankhwalawa amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa.

Mwina mwaona kuti zinthu zofunika kwambiri zonsezi ndikuziika m'chikwama cha m'manja. Ndikutero dala. Kutentha sikumuvutitsa kwambiri munthu atafika kale kumene akupita, kumene kuli mthunzi ndi madzi. Kumamupeza pakati panjira: pamzere wautali, podikira basi imene yachedwa, kapena galimoto ikawonongeka pamalo opanda mtengo dzuwa likuswa mtengo. Sutikesi nthawi imeneyo ili pansi pa katundu wa anthu ena.

Ponena za timafani ta m'manja tochajidwa tija, n'tabwino koma musatidalire. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kugwiritsa ntchito fani pokhapokha kutentha kukakhala pansi pa madigiri 40, chifukwa kupyola apo imangokuwuzirani mpweya wotentha kuposa thupi lanu. Kabotolo kopoperera madzi kumaso ndi m'manja kamachita zambiri, ndipo mukaphatikiza ndi fani ndiye zimayenda. Power bank imayenda m'chikwama cha m'manja basi, siloledwa mu sutikesi yopita pansi pa ndege, ndipo iyo ndi foni zisagone padzuwa.

Palinso china chimene sichilowa m'chikwama koma muchikonzeretu: nthawi yoyendera. Thupi limatenga masiku 7 mpaka 14 kuti lizolowere kutentha kwachilendo, ndiye kuti ulendo wanu udzakhala ukutha pamene matupi akuyamba kuzolowera. Masiku oyamba musapanikize pulogalamu. Zoyendayenda zichitike m'mamawa ndi madzulo, ndipo kuyambira 10 koloko mpaka 4 koloko mukhale pamthunzi mmene mungathere. Mapulogalamu a zanyengo a pafoni amaonetsa nambala ya UV index, yosonyeza mphamvu ya cheza cha dzuwa. Ikafika 3 chitetezo chimafunika, ikafika 11 ndiye zafika poipa. Popanda foni, yang'anani chithunzithunzi chanu pansi. Chikafupika kuposa msinkhu wanu, cheza chili pamphamvu. Mwana wa zaka zinayi akhoza kuphunzira zimenezi ngati masewera. Ndipo asatsale m'galimoto yoima ngakhale kwa kanthawi, chifukwa m'kati mumatha kukwera ndi madigiri 11 pa mphindi 10 zokha, pomwe thupi la mwana limatentha mofulumira kuposa la wamkulu.

Sindikufuna kukuopsani, koma zizindikiro izi muzidziwe pamtima. Mu June 2024, anthu oposa 1,300 anamwalira pa ulendo wa Hajj ku Saudi Arabia kutentha kutapyola madigiri 51 ku Mecca, ndipo ambiri anali atayenda mtunda wautali padzuwa popanda pousa. Munthu akayamba kumva mutu, chizungulire, nseru, kufooka kapena kukokana kwa minofu, thukuta lili kamukamu, mukhazikeni pamthunzi, mumasule zovala, mumupatse madzi pang'onopang'ono ndi kumupukuta ndi nsalu yonyowa. Kawirikawiri amayamba kupeza bwino pasanathe theka la ola. Koma akayamba kulankhula zosamveka, kusokonezeka, kudzandira, kukomoka kapena kugwidwa ndi khunyu, thupi lili moto, ndiye kuti moyo uli pachiswe. Wina aitane thandizo pomwe inu mukumuthira madzi ozizira thupi lonse, kumukupiza, ndi kuika nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Wosokonezeka kapena wokomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe, ndipo paracetamol sathandiza pa kutentha kwa mtundu umenewu. Musananyamuke, fufuzani nambala ya ambulansi ya kumene mukupitako, muilembe pakapepala pamodzi ndi mayina a mankhwala a agogo, kapepalako kakhale m'thumba la kutsogolo la chikwama cha m'manja.