Funsani Dokotala: Khosi la mwana wanga silikulimba

Adokotala, mwana wanga wakwanitsa miyezi 10 koma khosi silinalimbe. Ndikamunyamula amangoti lobodo, sakhala pansi, ndipo akafuna kugwira chinthu dzanja limaphonya. Pobadwa sanalire msanga, anamuika pa okisijeni. Apongozi akuti ndi tsempho. Nditani?
Mayi wa ku Mchengautuwa

Mayi, tsempho muiwaleko kaye. Mwana amayenera kulimba khosi pofika miyezi 4, nakhala yekha pofika miyezi 9, choncho wanuyu afunika kuonedwa msanga. Poti sanalire pobadwa, ndikuganizira cerebral palsy, vuto lomwe limadza ubongo wa khanda ukavulala. Kubanika pobadwa, kubadwa masiku asanakwane, chikasu choopsa cha khanda, malungo a mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi ndizo zimachititsa kawirikawiri. Komatu kulobodoka kumabweranso ndi kunyentchera kapena Down syndrome, vuto lina lobadwa nalo, ndiye pakalata pokha sindingagamule.

Ngati ndi vutoli, dziwani kuti silopatsirana, ndipo bala la mu ubongo silikulirakulira. Mankhwala ochotseratu kulibe. Wokulonjezani zimenezo akungofuna ndalama zanu. Chimene chimathandiza ndi mafizo (masewera olimbitsa ziwalo omwe a chipatala amaphunzitsa), makamaka akayambika mwana akadali wakhanda. Ana ena amayamba olobodoka, kenaka manja ndi miyendo nkuuma, ndipo mawu akuti "adzayenda nthawi yake ikakwana" achedwetsa ambiri.

Tengani buku la kusikelo, kuchipatala cha m'dera lanu akulembereni kalata yopita ku Mzuzu Central Hospital, komwe kuli a mafizo. A bungwe la St John of God ku Mzuzu komweko amathandizanso ana otere.

Ntchito yaikulu ili pakhomo, ndipo bambo a mwana ikuwakhudzanso. Akakhala maso, mugonekeni chafufumimba pamphasa, pindani chitenje mumuike pansi pa chifuwa, inu mukhale kutsogolo kwake muzimuyankhula kuti azidzutsa mutu. Osamusiya yekha, ndipo pogona tulo agone chagada. Pomudyetsa, akhale tsonga pamiyendo panu, chibwano chowerama pang'ono, phala lolimbako, pasipuni pang'onopang'ono. Kumugoneka n'kumamuthira phala lamadzimadzi m'kamwa, monga ndimaonera pena, kumalowetsa chakudya m'mapapo, mwana n'kudwala chibayo.

Ena mwa ana amenewa amadwalanso khunyu, lomwe mankhwala ake alipo. Akakomoka, kapena akamatsamwa pafupipafupi, musadikire tsiku la sikelo.