Funsani Dokotala: Nambala yanga yakwera, kodi ndayamba misala?

A Dokotala, chaka chatha ku kiliniki anandifunsa mafunso 20 okhudza maganizo ndi thupi langa, oyankha inde kapena ayi, ndipo ndinapeza 9. Mwezi watha anandifunsa ena okwana 9, anesi n'kulemba 14. Tulo sindilipeza, ndiye usiku uliwonse ndimamwa Piriton. Apongozi anga akuti nambala ikayamba kukwera chonchi munthu amakathera ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama. Tsiku lobwerera ku kiliniki linadutsa, sindinapite chifukwa cha mantha.
Mayi wa ku Kapata, Chipata

Mayi, khazikitsani mtima pansi. 9 ndi 14 zachokera pa miyezo iwiri yosiyana. Amene anayeza chimanga ndi tini chaka chatha, chaka chino n'kuyeza ndi meda, sanganene kuti wakolola zambiri pongoona kuti nambala yakula.

Mmene mwafotokozeramu, mafunso oyamba aja ndi SRQ-20 ya bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO. Imafunsa za masiku 30 apitawo, inde aliyense ndi 1, ndipo imalowetsamo za thupi monga mutu, kunjenjemera manja ndi m'mimba. Achiwiriwa ndi PHQ-9. Iyo imangoona milungu iwiri yapitayi, ndipo sifunsa chabe ngati vuto lilipo, imafunsa kuti labwera kangati. Funso limodzi likhoza kukupatsani 0 mpaka 3, zonse pamodzi n'kufika 27. Ngakhale ochita kafukufuku, mafunso akasintha, sangolumikiza manambala akale ndi atsopano. Amayamba afunsa anthu omwewo mafunso a mitundu yonse iwiri nthawi imodzi kuti aone mmene miyezoyo ikugwirizanirana.

Tsono za apongozi anu. Ndikudziwa akulankhula chifukwa chokuderani nkhawa, koma zimenezo si zoona, ndipo chikhulupiriro chimenechi chatsekereza anthu ambiri m'nyumba. Mafunsowa sayeza misala ngakhale pang'ono. Amayeza kuvutika maganizo: kusowa tulo, kutopa, kusafuna kudya, kusakondwa ndi zinthu zomwe kale zinkakusangalatsani. Munthu wovutika maganizo amadziwa bwino dzina lake, ana ake ndi mtengo wa ndiwo pa msika. Chipatala cha Chainama ku Lusaka ndi chipatala ngati china chilichonse, ndipo palibe nambala ya papepala yomwe payokha imatumiza munthu kumeneko. Ambiri amathandizidwa konkuno akugona kunyumba kwawo.

Komabe 14 pa PHQ-9 si yongoinyalanyaza. Kuyambira 10 mpaka 14 timati vuto lili pakatikati, lofunika chithandizo. Pamenepa ndikudzudzuleni pang'ono, mayi anga. Piriton ndi mankhwala a ziwengo ndi kuyabwa. Amagonetsa, inde, koma m'mawa mumadzuka mutu uli wolemera ndipo chimene chikukusowetsani tulocho chili pomwepo. Mwezi mwakhala kunyumbawu, mukanakhala mutayamba kale chithandizo.

Bwererani ku kiliniki sabata ino ndi khadi lanu. Auzeni za Piriton, ndipo pemphani kuti ulendo uliwonse azikufunsani PHQ-9 yomweyo, m'Chinyanja, n'kulemba dzina la mafunsowo pambali pa nambala. Mwina adzayamba ndi uphungu wokambirana. Akakupatsani mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline, dziwani kuti amatenga milungu ingapo kuti muone kusintha, ndipo samasiyidwa mwadzidzidzi.

Funso lomaliza la PHQ-9 limafunsa ngati munaganizapo kuti bola kufa kapena kudzivulaza. Ngati maganizo amenewo akubwera, musadikire tsiku la pa khadi. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, akuperekezeni lero lomwe ku kiliniki kapena ku Chipata Central Hospital.